Namgumi, Fisi ndi Nyamalikiti: Kuwerenga Hayat al-Hayawan ya al-Damiri Pambali pa Buku la Sayansi

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mlengi wa zoyenda, zouluka ndi zosambira. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Madzulo ena tinkawerenga mutu wa zakudya m'darasa la fiqh, ndipo tinafika pa nkhani ya gulu la maswahaba 300 amene anatumizidwa kugombe la nyanja motsogozedwa ndi Abu Ubaydah ibn al-Jarrah (Allah asangalale naye). Njala itawapana, nyanja inawalavulira chinyama chachikulu chakufa chotchedwa anbar, ndipo anadya nyama yake masiku ambiri. Nthiti yake ataiimika, munthu wokwera ngamira anadutsa pansi pake. Nkhaniyi ili mu Bukhari ndi Muslim kudzera mwa Jabir, ndipo ndinaimasulira monga momwe ifenso tinaphunzitsidwira, kuti chinali chinsomba chachikulu. Mnyamata wina amene m'mawa amapita ku sekondale anakweza dzanja nati: "Shehe, ngati chinyamacho chinali namgumi, ndiye kuti sichinali nsomba. Mu bayoloje taphunzira kuti namgumi amapumira mapapo, amabala mwana wamoyo ndipo amayamwitsa. Ali m'gulu limodzi ndi ng'ombe. Nanga anachidya bwanji osachizinga?"

Funsoli si lachibwana. Mwana ameneyu akunyamula mabuku awiri m'chikwama chimodzi, ndipo akaganiza kuti akutsutsana adzasiya limodzi: adzayamba kunyoza sayansi, kapena adzayamba kukayikira fiqh mumtima mwake osauza munthu. Funso lakelo linandibwezera ku buku lomwe lili m'mashelefu a mashehe ambiri koma limatsegulidwa kamodzikamodzi, Hayat al-Hayawan al-Kubra la Imam al-Damiri. Ndikufuna kuliyeza pambali pa njira yomwe akatswiri a sayansi amagawira zamoyo m'magulu, kuti tione pomwe likutithandiza, pomwe likupunthwa, ndi chimene mphunzitsi wa lero angatengemo.

Mlembi ndi buku lake

Kamal al-Din Muhammad ibn Musa al-Damiri anabadwira ku Cairo cha m'ma 742 A.H. (1341) ndipo anamwalirira komweko mu 808 A.H. (1405). Anayamba moyo wake ngati telala, kenako anadzipereka ku maphunziro, naphunzira kwa Baha al-Din al-Subki ndi Jamal al-Din al-Isnawi. Anali faqih wa madhhab ya Imam al-Shafi'i, yomwenso ambiri mwa ife kuno timatsatira, ndipo analemba al-Najm al-Wahhaj, ndemanga ya Minhaj ya Imam al-Nawawi. Mfundo imeneyi tisaiiwale. Munthu amene analemba buku lotchuka kwambiri la nyama m'Chiarabu sanali mlenje kapena wotumbula nyama kuti aone zam'kati mwake. Anali katswiri wa malamulo ndi Hadith, ndipo nyama anazifikira kudzera m'mabuku.

Bukuli analimaliza cha m'ma 773 A.H., ndipo lili ndi mitu yoposa chikwi yosanjidwa motsata zilembo za Chiarabu, kuyambira pa asad, mkango. Mitu imaposa chiwerengero cha nyama zenizeni chifukwa nyama imodzi imatha kubwera kangapo pansi pa mayina osiyana. M'mitu ikuluikulu mlembi amatsata ndondomeko imodzi. Amayamba ndi dzina: katchulidwe kake, kuchulukitsa kwake, dzina la yaimuna, yaikazi ndi mwana. Kenako amafotokoza maonekedwe ndi khalidwe, nabweretsa ma Hadith ndi nkhani zoitchula nyamayo. Pambuyo pake pamabwera chigamulo cha kudya kwake, miyambi ya Aarabu, mankhwala omwe ankati amapezeka m'ziwalo zake, ndi tanthauzo lake munthu akailota. Bukuli linakondedwa kwambiri: al-Suyuti analifupikitsa, Samuel Bochart wa ku France analigwiritsa ntchito mu 1663 pofufuza za nyama za m'Baibulo, ndipo A. S. G. Jayakar anamasulira gawo lake m'Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Kusanja nyama motsata zilembo kumaoneka ngati kusasanja konse, chifukwa mkango, ngamira ndi kalulu zimakhala moyandikana pa chifukwa chokha chakuti mayina ake amayamba ndi alif. Koma wophunzira amene wakumana ndi dzina lachilendo mu Hadith safuna kudziwa abale a nyamayo. Amafuna kulipeza dzinalo msanga, adziwe kuti ndi nyama yanji ndipo chigamulo chake n'chotani. Pa ntchito imeneyo ndondomeko ya zilembo ndiyo yoyenera. Vuto la al-Damiri n'lakuti cholembera chake sichidziwa kuima. Pa mutu wa iwazz, tsekwe, amapatuka n'kulemba mbiri ya ma khalifa masamba ambirimbiri, mpaka wowerenga amaiwala kuti anabwera kudzafunsa za mbalame.

Mmene asayansi amasanjira zamoyo

Kugawa zamoyo m'magulu ndi ntchito yakale. Aristotle anasiyanitsa nyama zokhala ndi magazi ndi zopanda magazi, ndipo ankadziwa kale kuti namgumi amapuma mpweya ndi kuyamwitsa. Mabuku ake a nyama anamasuliridwa m'Chiarabu m'nthawi ya ma Abbasi, ndipo al-Jahiz wa ku Basra, amene anamwalira mu 255 A.H., anawawerenga polemba Kitab al-Hayawan yake. Al-Jahiz anagawa nyama panayi: zoyenda, zouluka, zosambira ndi zokwawa, koma iye mwini anachenjeza kuti si chouluka chilichonse chomwe chili mbalame, ndiponso si chosambira chilichonse chomwe chili nsomba. Choncho ma ulama athu sankaganiza kuti zonse za m'madzi ndi mtundu umodzi.

Njira yomwe ana athu amaphunzira kusukulu inayamba ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden (1707 mpaka 1778), mwana wa m'busa wa mpingo, amene ankaona ntchito yake ngati kufufuza dongosolo la Mlengi. Mu 1735 anatulutsa Systema Naturae, kabuku ka masamba ochepa akuluakulu, momwe anagawa chilengedwe m'maufumu atatu: nyama, zomera ndi miyala. Ufumu uliwonse anaugawa m'magulu, magulu m'timagulu, mpaka kufika pa fuko ndi mtundu, monga madengu aang'ono olowa m'madengu aakulu. M'kope loyambalo namgumi anali pakati pa nsomba. M'kope lakhumi la 1758 ndi momwe Linnaeus anamusamutsira m'gulu lomwe analitcha Mammalia, kutanthauza zoyamwitsa. Chimene mnyamata wanga uja anachiloweza ngati choonadi chachikhalire chili ndi chaka chake chobadwira.

Mphatso yaikulu ya Linnaeus ndi dzina la mawu awiri a Chilatini, loyamba la fuko, lachiwiri la mtundu. Analikhazikitsa pa zomera mu Species Plantarum ya 1753 ndi pa nyama mu 1758. Mlamba ndi Clarias gariepinus, kampango ndi Bagrus meridionalis, usipa ndi Engraulicypris sardella, kaya wolankhulayo ali ku Mangochi, ku Cairo kapena ku Jakarta. Dzina lotere limathetsa chisokonezo chomwe chimadza pamene nyama imodzi ili ndi mayina khumi, kapena dzina limodzi likuimira nyama zitatu. Tiona kutsogoloku kuti apa ndi pomwe faqih amaifuna sayansi kwambiri.

Kuyambira pomwe Charles Darwin anatulutsa buku lake mu 1859, asayansi anayamba kuwawerenga maguluwa ngati ubale wa kubadwa. Mu 1950 Willi Hennig wa ku Germany anakhwimitsa lamulo lakuti gulu loona liyenera kukhala kholo limodzi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse, ndipo kufanana kwa maonekedwe pakokha si umboni. Mu 1969 Robert Whittaker anapereka maufumu asanu, nachotsa bowa pakati pa zomera. Mu 1977 Carl Woese, poyerekeza tizigawo ta m'kati mwa maselo, anapeza kuti tizilombo tina tomwe tinkatengedwa ngati bakiteriya ndi gulu lapalokha, ndipo mu 1990 anagawa zamoyo zonse m'zigawo zitatu zikuluzikulu. Masiku ano umboni waukulu ndi DNA, ndipo zotsatira zake zimadabwitsa: ng'ona ili pafupi ndi mbalame kusiyana ndi buluzi, ndipo bowa uli pafupi ndi nyama kusiyana ndi chimanga.

Taonani ulendo wa mvuu. Agiriki anaitcha kavalo wa mumtsinje, Aarabu anati faras al-bahr, ndipo Linnaeus mu 1758 anaiika m'kagulu kamodzi ndi kavalo. Asayansi otsatira, poona mano ndi mapazi ake, anaiyandikiza kwa nkhumba, ndipo inakhala kumeneko zaka zambiri. Kafukufuku wa DNA wa m'zaka za m'ma 1990 anaichotsanso n'kunena kuti m'bale wake wapafupi pa zamoyo zomwe zilipo ndi namgumi. Mvuu ya mu Shire sinasinthe. Chinasintha ndi umboni womwe anthu ali nawo. Kusinthasinthaku si manyazi kwa sayansi, ndi mmene imagwirira ntchito. Koma tangoganizani mufti amene akanamangirira fatwa yake pa ubale umenewu: akanaigamula mvuu ngati kavalo, kenako ngati nkhumba, kenako ngati namgumi.

Funso la fiqh ndi lina

Wasayansi amafunsa kuti nyama iyi ndi m'bale wa iti. Faqih amafunsa kuti kodi idyedwe, kodi izingidwe motani, kodi ikagwera m'madzi n'kufa madziwo akhala najisi, kodi wa ihram akaipha alipira chiyani. Mafunso osiyana amabala magulu osiyana. Fiqh ili ndi magulu ake omveka bwino: za pamtunda ndi za m'madzi, zoweta ndi zakutchire, zokhala ndi magazi oyenderera ndi zopanda, zilombo zogwira ndi mano osongoka, mbalame zogwira ndi zikhadabo, zomwe Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analamula kuti ziphedwe ndi zomwe analetsa kupha. Pomwe palibe mawu achindunji a Qur'an kapena Hadith, a Shafi'i amayang'ana zomwe Aarabu a moyo wabwinobwino ankaziona kuti n'zabwino kapena zonyansa. M'magulu onsewa mulibe funso la kholo.

Zitsanzo zikuonetsa kuti mizere iwiriyi imadutsana. Kavalo, bulu ndi bulu wakutchire zonse zili m'fuko limodzi la Equus, pamodzi ndi mbidzi yathuyi. Koma kwa a Shafi'i kavalo ndi halaal, bulu woweta analetsedwa pa tsiku la Khaybar, ndipo bulu wakutchire ndi halaal monga tikuonera mu Hadith ya Abu Qatadah. Yarbu', kanyama ka m'chipululu kodumphira miyendo yakumbuyo, kali m'gulu limodzi la sayansi ndi khoswe. Yarbu' ndi halaal kwa a Shafi'i, pomwe khoswe ali pakati pa zowononga zisanu zololedwa kuphedwa ngakhale mu Haram. Wabr, mbira ya m'matanthwe, ndi yololedwa, komabe asayansi amati mwa abale ake apafupi muli njovu, yomwe a Shafi'i amailetsa. Aliyense wofuna kutulutsa zigamulo m'buku la bayoloje asochera pa tsamba loyamba.

Apa ndi pomwe pali yankho la wophunzira uja. Ayah 96 ya Surah al-Ma'idah ikuloleza zosakidwa za m'nyanja ndi chakudya chake, ndipo Hadith yodziwika ya madzi a m'nyanja ikuloleza chakufa chake. Chomangirira chigamulo ndi kukhala m'madzi, osati kukhala ndi mapapo kapena kusakhala nawo. Ndiponso mawu a Shariah amamvedwa monga momwe ankamvekera kwa anthu omwe analankhulidwa nawo, ndipo kwa Mwarabu hut ndi cholengedwa cha m'nyanja chooneka ngati nsomba. Malamulo a anthu nawonso amayenda chimodzimodzi. Mu 1818 ku New York kunali mlandu wa Maurice ndi Judd wofuna kudziwa ngati mafuta a namgumi ali pansi pa lamulo loyendera mafuta a nsomba. Katswiri wa sayansi Samuel Mitchill anachitira umboni kuti namgumi si nsomba, koma ogamula anatsata chilankhulo cha pamsika n'kunena kuti mafutawo ndi a nsomba. Mphunzitsi wa bayoloje akunena zoona, mphunzitsi wa fiqh akunenanso zoona. Liwu lakuti nsomba ndi lomwe likugwira ntchito ziwiri.

Phindu la al-Damiri lili pomwepa: anasunga tanthauzo la mayina monga momwe Aarabu ankawagwiritsira ntchito. Kwa a Hanafi nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa iwo pa za m'madzi amaloleza samak yokha, nsomba. N'chifukwa chake anasiyana maganizo pa rubyan, tizamoyo ta m'nyanja tomwe m'masitolo timagulitsidwa ndi dzina la ma prawns. Sayansi imatiika kutali ndi nsomba, m'gulu limodzi ndi nkhanu. Al-Damiri anatiwerengera pakati pa nsomba zing'onozing'ono, ndipo ena mwa ma ulama a Chihanafi a ku India amene analoleza anatsamira pa mawu ake ndi a olemba madikishonale a Chiarabu. Kaya munthu agwirizane nawo kapena ayi, njira yawo inali yolondola: anafunsa tanthauzo la liwu kwa eni chilankhulo.

Pomwe al-Damiri akupunthwa

Tikanaimira pamenepa tikanamukomera mtima mopyola. Pali malo ena pomwe chigamulo chimadalira chenicheni cha nyamayo, ndipo pamenepo kulakwitsa kwa chilengedwe kumalowa mu fiqh. Chitsanzo chomveka ndi zarafah, nyamalikiti, yomwe ena amati kadyansonga. Al-Damiri akubweretsa nkhani yakale yakuti nyamayi ndi yosakanizika, yochokera mwa ngamira, ng'ombe yakutchire ndi fisi. Akutchulanso kuti al-Jahiz anaikana nkhaniyi, ndipo pamenepo tiyenera kumuyamikira. Koma onani zotsatira zake. Pali lamulo lakuti chobadwa pakati pa chololedwa ndi choletsedwa chimatsata choletsedwacho, monga nyulu yobadwa mwa kavalo ndi bulu. Mu madhhab yathu muli maganizo awiri pa nyamalikiti: mwini al-Tanbih ndi Imam al-Nawawi analetsa, ena analoleza, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe zinatchulidwa kumbali yoletsa ndi kusakanizika komweku. Lero palibe chokayikitsa: nyamalikiti imabereka nyamalikiti inzake, imadya masamba, imabzikula, ili ndi ziboda zogawanika, ndipo m'bale wake ndi okapi wa m'nkhalango za Congo. Chifukwa chimenecho chagwa, ndipo wofuna kuletsa afunefune umboni wina.

Kunena izi si kunyoza ma imam. Akatswiri a usul amasiyanitsa pakati pa kudziwa lamulo ndi kutsimikiza kuti chinthu chakutichakuti chili pansi pa lamulolo, zomwe amazitcha tahqiq al-manat. Loyambalo limachokera mu Qur'an ndi Sunnah. Lachiwirilo limafuna odziwa chinthucho, monga qadi amafunsa dokotala za bala kapena wamalonda za mtengo. Ma imam anafunsa odziwa a nthawi yawo, ndipo ife tiyenera kufunsa a nthawi yathu.

Zofooka zina za bukuli n'zoonekeratu. Muli mitu ya zolengedwa za m'nthano monga anqa ndi rukh, zolembedwa pambali pa nkhuku ndi mbuzi. Ma Hadith ake ndi osakanikirana, olimba ndi ofooka, ndipo wowerenga sangawalandire osawayeza. Gawo la mankhwala ndilo loopsa, chifukwa ladzaza zonena za ndulu, magazi ndi mafuta a nyama zomwe palibe anaziyesa, ndipo zina zimalowera ku zithumwa. Ndaonapo munthu akuwerenga gawo limeneli ngati kuti ndi Sunnah, pa chifukwa chokha chakuti lili m'Chiarabu ndipo mlembi wake ndi imam. Al-Damiri anali wosonkhanitsa, ndipo wosonkhanitsa amatola mpunga ndi mankhusu omwe. Linnaeus nayenso anali ndi mankhusu ake. Mu 1758 anaika mleme m'kagulu kamodzi ndi anyani, naika nkhumba pamodzi ndi mfuko. Choipa koposa, anagawa anthu panayi motsata makontinenti ndi khungu, napatsa gulu lililonse khalidwe lake, ndipo zomwe analemba za Mwafrika n'zachipongwe. Kusanja si ntchito yopanda tsankho nthawi zonse. Wosanjayo amabwera ndi maso ake.

Mayina akawoloka nyanja

Kwa ife amene timaphunzitsa mabuku a Chiarabu m'Chichewa ndi m'Chiyao, ngozi yaikulu ili pa kumasulira. Tengani dabb, nyama yomwe Khalid ibn al-Walid anaidya pamaso pa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), iye osaidya koma osailetsa. Mphunzitsi wofuna kuthandiza ana amatha kungoti ndi ng'azi. Komatu dabb ndi buluzi wa m'chipululu wa mchira waminga, wodya zomera, wa fuko la Uromastyx, ndipo kuno kulibe. Ng'azi ndi wa fuko la Varanus, amadya mazira, achule ndi zakufa, ndipo Aarabu amamutcha waral. Al-Damiri anazipatsa nyama ziwirizi mitu yosiyana. Kulakwitsa liwu limodzi pomasulira kumasamutsa chilolezo kuchoka pa nyama ina kupita pa ina, ndipo chotchinga kulakwitsa kumeneku ndi dzina la mawu awiri la Linnaeus lija.

Nkhani ya fisi ndi yozama kuposa apa. A Shafi'i ndi a Hanbali amaloleza dabu' chifukwa cha Hadith ya Jabir, pomwe a Hanafi amailetsa poiona ngati chilombo cha mano osongoka. Pofotokoza chifukwa chomwe dabu' inatulukira m'lamulo la zilombo, ma ulama athu ananena kuti siili ngati mkango wodalira mano ake poukira. Fisi wa ku Arabia ndi wamizeremizere, Hyaena hyaena, wokhala yekhayekha, wodalira kwambiri zakufa. Fisi wathu ndi wamawangamawanga, Crocuta crocuta, wamkulu, wosaka m'magulu, wopha yekha gawo lalikulu la chakudya chake. Sayansi imawaika m'banja limodzi koma m'mafuko awiri. Kodi chilolezo chamangirika pa dzina, kotero kuti aliyense wotchedwa dabu' akulowa, kapena pa khalidwe lomwe linatchulidwa ngati chifukwa? Sindikupereka fatwa pano, ndipo sindikudziwa Msilamu wa kuno amene amalakalaka nyama ya fisi. Ndikusonyeza chabe kuti sayansi siigamula nkhaniyi, koma popanda iyo funsolo sitikanaliona n'komwe.

N'chimodzimodzi ndi mafunso omwe amabwera mvula ikagwa. Jarad, dzombe, ndi lololedwa ndi Hadith ngakhale lisanazingidwe, ndipo maswahaba ankalidya pa maulendo a nkhondo. Kuti ziwala zili pafupi ndi dzombe, diso limaona ndipo sayansi imavomereza. Ngumbi n'zina: kafukufuku wa DNA amaika chiswe m'gulu la mphemvu. Izi pazokha siziletsa ngumbi, monga momwe ubale wa njovu suletsera mbira. Zikungotiuza kuti ngumbi si jarad, choncho ziyenera kugamulidwa pansi pa mutu wa tizilombo, pomwe a Shafi'i amaletsa ndipo a Maliki ali ndi njira yolozera ku chilolezo.

Za kudzitama kopanda umboni

Pali mawu omwe amamveka pa misonkhano ya achinyamata akuti zonsezi Asilamu anazitulukira kale, kuti al-Jahiz ndiye anaphunzitsa Linnaeus ndi Darwin. Mawuwa amakoma m'makutu koma samupatsa ulemu al-Jahiz. Iye analidi woonetsetsa: ankafunsa alenje ndi asodzi, ankatsutsa Aristotle pomwe waona kuti walakwa, ndipo analemba za mmene zamoyo zimadyerana ndi mmene malo amasinthira maonekedwe ake. Koma cholinga cha buku lake chinali kusonyeza nzeru za Mlengi m'zolengedwa zazing'ono ndi zazikulu, ndipo sanamange dongosolo la madengu olowana kapena lamulo la mayina. Ikhwan al-Safa, komanso Ibn Khaldun amene anakhala ku Cairo nthawi imodzi ndi al-Damiri, analemba za makwerero a zolengedwa kuyambira miyala, zomera, nyama mpaka munthu. Amenewo ndi makwerero a ulemerero, pomwe cha asayansi a lero ndi mtengo wa nthambi wopanda wapamwamba kapena wapansi. Kuziphatikiza ziwirizi ndi kulakwira mbiri, ndipo wophunzira amene wazindikira kuti tinamukokomezera pa ichi adzatikayikira pa zina.

Funso la chiyambi cha Adam (mtendere ukhale pa iye) ndi la aqidah, ndipo lili ndi malo ake omwe si pano. Chomwe ndinganene n'chakuti wophunzira wa Chisilamu angathe kuphunzira magulu a zamoyo, kuwagwiritsa ntchito ndi kukhoza nawo mayeso, chifukwa kufanana kwa mafupa ndi kwa DNA n'chinthu choyezeka. Qur'an yomwe, mu ayah 45 ya Surah al-Nur ndi ayah 38 ya Surah al-An'am, imatiitana kuona kusiyana kwa kayendedwe ka zamoyo ndi kuzindikira kuti nazonso zili m'mitundu yake.

Chigamulo changa pa bukuli n'chakuti Hayat al-Hayawan ndi dikishonale yabwino ya mayina ndi nkhokwe ya maganizo a ma faqih, koma ndi mboni yofooka pa chilengedwe cha nyama. Liwerengedwe pa zoyambazo, ndipo pa chotsalacho liyezedwe. Kwa aphunzitsi anzanga ndikupempha ntchito imodzi yomwe tingaikwanitse. Nyama iliyonse yotchulidwa m'mutu wa zakudya, wa ulenje ndi wa ihram ilembedwe m'mizere inayi: dzina la Chiarabu, dzina la sayansi, dzina la Chichewa kapena Chiyao ngati nyamayo ilipo kuno, ndi chigamulo pamodzi ndi chifukwa chake. Pomwe nyamayo kuno kulibe, mzere wachitatu usiyidwe wopanda kanthu. Tisaikemo yofanana nayo. Ntchitoyi ifunika shehe, mphunzitsi wa bayoloje ndi msodzi kapena mlenje wachikulire kukhala pamkeka umodzi, chifukwa aliyense wa iwo akudziwa chimene awiriwo sakudziwa.

Mnyamata uja ndinamuyankha sabata yotsatira. Ndinamuuza kuti pa mayeso a bayoloje alembe kuti namgumi ndi nyama yoyamwitsa, ndipo pa mayeso a fiqh alembe kuti ndi cholengedwa cha m'nyanja chosafunika kuzinga, ndipo m'mayankho onse awiri sanamanamo. Anaganiza pang'ono, kenako anafunsa za mvuu, yomwe imagona m'madzi koma imadya msipu pamtunda. Ndinamutuma kuti akaifufuze yekha mu al-Damiri pansi pa chilembo cha fa, adzatiwerengere m'darasa.

Allah ndiye Wodziwa koposa.